Kangachepe Kamene Ndinabisa M'thumba la Apuloni

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anandipatsa manja awiri ndi zala khumi, ndipo mpaka lero zonse zilipo, ngakhale chala chimodzi chili ndi chikhadabo chokhota chimene sichidzawongokanso. Ndimuyamikanso chifukwa sanalole kuti ndifike kunyumba tsiku lija ndisanabwerere m'mbuyo. Zimene ndikufuna kufotokoza zinachitika Lachisanu lina masana, mawa lake kuli ukwati wa mwana wanga wamkazi.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Romford. Pa ntchito imeneyi sitiloledwa kusunga zikhadabo zazitali kapena kuzipaka utoto, chifukwa khungu la nkhalamba siliyenera kukhudzidwa ndi chinthu chakuthwa, limang'ambika ngati pepala lonyowa. Choncho zaka zonse zimene ndakhala ku London sindinalowepo mu saluni ya zikhadabo. Ndinkangodutsa pakhomo, fungo lake lija n'kundilasa m'mphuno, ine n'kupitirira. Koma mwana wanga anandiumiriza. Iye anakulira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anadzikakamiza kulankhula chilankhulo changa kuti ndisowe pokanira.

"Amami, simungapereke moni kwa apongozi ndi manja ngati mwachokera kudimba. Pitani ku Ilford. Ndalipira kale pafoni, manja ndi mapazi omwe. Inu mukangosiya tipu."

"Ndikasiye zingati?"

"Zimene mtima wanu ukufuna. Pamakhala botolo pakauntala, mukaponye m'menemo."

Ndinamva bwinobwino za botololo. Sindinganame kuti sanandiuze.

Saluniyo inali ya mayi wina wakwathu amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Anabwera kuno kale ine ndisanabwere, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo pagulu la amayi. Mawu ake akakwera, ngakhale ana osamva Chichewa ankasiya mafoni. Tinkaitanana kuti achemwali. Nditalowa anandilandira ndi manja awiri, nandikhazika pampando waukulu wokhala ndi beseni kumapazi, kenako anakodola wantchito wake mmodzi.

Wantchitoyo anali mayi wa ku Chipata, wocheperapo kwa ine ndi zaka ngati makumi awiri, wamfupi, wovala apuloni yakuda yokhala ndi kathumba kamodzi kosazama kutsogolo. Anakhala pakampando kakafupi, mutu wake uli pansi pa mawondo anga, natenga phazi langa n'kulitembenuza ngati munthu woyesa mbatata pamsika.

"Anti, mapazi aya munabwera nawo wapansi kuchoka ku Malawi?"

"Mwanawe, usandiseke. Ndi mapazi a ntchito amenewo."

"Manje lero azapumula. Ming'alu iyi nizaichosa yonse, akwati azaganiza ndimwe mukwatiwa."

Tinaseka. Anaviika mapazi anga m'madzi ofunda, nawapala ndi mwala, nachotsa chikhungu chimene ndinayenda nacho zaka zambiri. Akugwira ntchito anandiuza kuti ali ndi ana awiri amene anawasiya ndi amayi ake, ndipo iye amagona m'kachipinda pamwamba pa saluniyo. Ankalankhula motsitsa mawu, maso akuthamangira kukauntala kumene kunakhala achemwali aja.

Ine mtima unandivuta. Chikhalire palibe munthu anandisambitsapo mapazi kuchokera pamene amayi anga anasiya kundisambitsa. Ndimasambitsa ena tsiku ndi tsiku, koma kusambitsidwa sindinakuzolowere. Ndinakumbukira Ambuye atamanga nsalu m'chiuno, atawerama ndi beseni pamapazi a ophunzira awo, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake mmodzi wa iwo anayamba wakana. Munthu wokuweramira chotero sungamusiye ndi zikomo wapakamwa.

Atatha mapazi anagwira manja. Anandimata zikhadabo zoonjezera, zazitali, zolimba ngati nyanga, nazipaka utoto wofiira modera. Ndinaika manja m'kanyali kowumitsira, ndipo nditawatulutsa sindinawazindikire. Anali manja a munthu wina, munthu amene sanasinthepo thewera la nkhalamba.

Tsono inafika nthawi ya kangachepe kaja. Botolo ndinaliona: lagalasi, lalikulu, lili pafupi ndi chigongono cha achemwali. Aliyense woponyamo ankaonedwa. Kwathu sitinaleredwe choncho. Amayi anga akafuna kuthokoza munthu, ankapinda ndalama kangapo mpaka ichepe ngati njere ya dzungu, n'kuilowetsa m'dzanja la munthuyo popatsana moni, kapena kuikankhira pamfundo ya chitenje chake, n'kuchoka msanga asanapeze mpata wokana kapena wothokoza. Ankati mphatso yoonetsa imachititsa manyazi wolandira. Nditakula ndinapeza kuti Malemba nawo amatero, kuti chimene dzanja limodzi lapereka linzake lisachidziwe. Ndiye ndinali ndi amayi anga kumbali iyi, Malemba kumbali inayo. Koma ndinene zoona zonse: sindinkafunanso kuti achemwali aone kuchuluka kwake, n'kukazinena kugulu la amayi.

Ndinatulutsa pepala la mapaundi makumi awiri m'chikwama, ndi zala zosazolowera zikhadabo, n'kulipinda kanayi. Mayi uja anali atawerama akundiveka masandasi kuti utoto wa kumapazi usafufutike. Ndinalowetsa pepalalo m'kathumba ka apuloni yake mofewa kwambiri, moti sanamve chilichonse. Ndinanyadira luso langa. Ndinatsanzika, ndinadutsa botolo lija ngati sindikuliona, ndinatuluka.

Chimene sindinaganize n'chakuti ndalama za kuno si zapepala ngati zimene amayi anga ankapinda. Ndi za pulasitiki. Sizimvera kupinda. Ukangozisiya zimadzitambasula zokha.

Nditafika pasiteshoni ndinapisa m'chikwama kuti ndione uthenga pafoni, ndipo magalasi anga owerengera munalibe. Ndinawasiya patebulo la saluni. Sitima inali itafika kale, zitseko zili chitsegukire. Ndikanakhala ndi magalasi ena kunyumba ndikanakwera. Koma mawa lake ndinayenera kuwerenga Mawu paukwati, ndipo popanda magalasi amenewo zilembo zimasanduka nyerere. Ndinabwerera ndikudandaula.

Ndinapeza makatani a saluni atatsitsidwa dzuwa likadali pamwamba, koma chitseko sichinali chokiya. Ndinakankha. Choyamba kumva chinali phokoso ngati la munthu womenya chiguduli chonyowa pakhoma. Makasitomala kunalibe. Wantchito wachiwiri anali ataima pakona, manja ali kukamwa. Pakati pa chipinda achemwali anali atagwira mayi wa ku Chipata tsitsi, akumuwomba mbama ndi dzanja linalo, kupita ndi kubwerera. Mlomo wake unali utang'ambika kale. Magazi ankatsikira pa apuloni.

"Wakuba iwe. Ndinakutola ulibe pogona, lero ukundibera m'nyumba mwanga?"

"Madamu, sininatenge. Nilumbira, sinidziwa kwamene yachoka."

"Yagwa kumwamba? Yamera m'thumba ngati bowa?"

Pepala lija linali pansi pakati pawo, lotambasuka, mizere ya kupinda kwanga ikuoneka.

Ndikufuna kulemba kuti ndinafuula nthawi yomweyo. Sindinatero. Ndinaima pakhomo ndikuganiza za ukwati, za gulu la amayi, za manyazi oti ndinadutsa botolo. Mwina kunali kupuma katatu kapena kanayi kokha. Koma m'kanthawi kameneko achemwali anamukokera kukauntala, natsegula dilowa ya ndalama, yachitsulo, nagwira dzanja lake lamanja n'kulilowetsa m'menemo.

"Si muno m'mene umapisa? Pisa tsono. Pisa ndikuone."

Anakankha dilowayo ndi ntchafu, ndi thupi lonse. Ndinamva kuthyoka, ngati nkhuni youma. Anaitsegula n'kuikankhanso. Mayi uja sanalire mokweza. Anangotulutsa mpweya, mawondo n'kupindika, dzanja likadali m'dilowa.

"Achemwali, ndine ndaika ndalamayo," ndinatero. Mawu anga anatuluka ochepa. Ndinabwereza. "Ndine. Ndinamuikira m'thumba iye osadziwa. Musiyeni."

Anatembenuka, akupuma mwamphamvu, duku litagwera paphewa. Ndinkayembekeza kuti achita manyazi, kuti agwada, kuti atchula dzina la Ambuye. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi opakidwa aja mpaka kumaso.

"Ndiye mwandibera nonse awiri. Ndalama iliyonse yolowa pakhomo ili ndi yanga. Botolo simunalione? Mpando ndi wanga, madzi ndi anga, magetsi ndi anga. Inu mukubwera kudzandiphunzitsira antchito kubisa?"

"Anandisambitsa mapazi ndi iyeyu, si mpando."

"Tulukani, mayi. Za m'nyumba mwanga zisiyeni. Uyu ndikudziwa ndine momuwongolera."

Anatola kanyali kowumitsira zikhadabo, komwe kaja ndinaikamo manja anga, nakakweza pamwamba pa mutu wa mayi amene anali atagwada pansi.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira zonse, ndipo sindinganene kuti ndinachita mdima m'maso. Ndinaona bwino. Ndinadumpha, ndinagwira mkono wa achemwali, kanyali kanagwa n'kusweka. Pamenepo zinali zitakwana. Mayi uja anali atapulumuka. Koma dzanja langa lamanja silinaime. Linapita kumaso kwa achemwali, zikhadabo zinayi zatsopano zinalowa pansi pa diso, ndipo ndinakoka mpaka kuchibwano. Ndinamva khungu likutseguka. Ine amene ndimatembenuza nkhalamba pabedi popanda kusiya ngakhale kachizindikiro, ndinalima nkhope ya munthu ngati ndikupalira. Anakuwa, nandiluma pamkono, nandikankhira pashelefu. Mabotolo a utoto anagwa ngati matalala, ofiira, obiriwira, akuda, kusweka pansi n'kusakanikirana ndi magazi. Ndinamugwira pakhosi. Tinagwa tonse m'magalasi oswekawo. Ndinamukwera pamimba, ndipo ndinamumenya ndi chibakera kawiri, chachitatu chikhadabo cha chala changa chapakati chinakodwa m'mkanda wake n'kuzuka chonse, choonjezera pamodzi ndi changa chobadwa nacho.

Ululu umenewo ndiwo unandidzutsa. Ndinayang'ana chala, chili nyama yokhayokha. Ndinayang'ana pansi panga, ndinaona pakamwa pamene pamayambitsa nyimbo Lamulungu lililonse, pali magazi. Ndipo ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Anti, lekani. Muzamupaya. Anti, napapata."

Anali mayi wa ku Chipata. Anakwawa ndi mawondo, dzanja lothyokalo atalikumbatira pachifuwa, linalo likukoka diresi yanga. Womenyedwa ndiye anapempherera womumenya. Ine wa Baibulo m'chikwama ndinali pamimba pa munthu.

Bambo wa shopu yoyandikana anamva kusweka kwa mabotolo, nalowa, naimba foni. Kunabwera ambulansi ndi apolisi. Mayi uja atamva za apolisi anachita mantha kuposa mmene anachitira ndi dilowa, chifukwa mapepala ake okhalira m'dziko muno anali akudikira yankho ku ofesi ya boma ku Croydon ndipo achemwali ankamuopseza nawo tsiku ndi tsiku. Ndinamugwira phewa n'kumuuza kuti wolakwa pano si iye. Apolisi atandifunsa ndinanena zonse, kuyambira pa kupinda ndalama mpaka pa chibakera chachitatu. Wantchito wachiwiri uja, amene anaima chete nthawi yonse, anatsegula pakamwa nanena zimene anaona, ndi zina za masiku am'mbuyo zimene ine sindinkadziwa. Nkhani ya milandu inatenga miyezi, ndipo ine ndinalandira chenjezo langa, loyenera. Sindilemba zambiri za izo.

Kuchipatala anapeza kuti zala ziwiri za mayi uja zathyoka, cholozera ndi chapakati, za dzanja limene amagwirira kabulashi. Tinakhala pabenchi limodzi tikudikira, iye ndi dzanja lake, ine ndi chala changa. Ndinamupepesa. Ndinamufotokozera za amayi anga, za mfundo ya chitenje, za dzanja losadziwa linzake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Anti, mukananiuza chabe," anatero. "Mukanakamba pamaso pawo kuti iyi ni yako. Akamva kasitomala wakamba, samatenga, amaopa manyazi. Za mu botolo sitizionako ise. Koma ya mu thumba, yamene sinidziwa, nizaiyankha bwanji?"

Ndinabisa mphatso kuti ndimuteteze ku manyazi, koma ndinamusiya ndi chinthu chimene sakanatha kuchifotokoza, m'nyumba imene thumba la wantchito limasechedwa. Chinsinsi changa chinali chabwino kwa ine ndekha. Ndinatenga mwambo wa kwathu, kumene wopatsa ndi wolandira amadziwana ndipo palibe wachitatu woyang'anira matumba, n'kuuika pamalo amene sindinawafunse n'komwe malamulo ake.

Mawa lake ndinawerenga Mawu paukwati ndi bandeji pachala, mkono wolumidwa nditaubisa m'malaya amanja aatali. Magalasi anandibweretsera bambo wa shopu uja, diso limodzi litasweka. Zikhadabo zisanu ndi zinayi zotsalazo zinali zokongola kwambiri, ndipo apongozi anaziyamikira. Pansi pa zitatu mwa izo ndinali nditatsuka ndi bulashi m'mawa umenewo, koma ndinkaonabe ngati muli kanthu. Mwana wanga anadziwa zonse phwando litatha. Analira, kenako anati, m'Chichewa chake chothyokathyoka, "Amami, chipinda changa chilibe munthu tsopano."

Mayi wa ku Chipata anakhala m'chipinda chimenecho miyezi isanu. Masabata oyamba sankatha kumanga mabatani kapena kusamba bwino ndi dzanja limodzi. Ntchito imeneyo ndiye yanga, ndimaidziwa. Ndinkamusambitsa, kumupesa, kumuwenga zikhadabo. Tsiku loyamba kumuikira mapazi m'beseni anakana, nabisa mapazi pansi pa mpando.

"Anti, imwe ndimwe akulu."

"Bweretsa kuno, mwanawe. Ukulu wanga unauona wekha pansi pa saluni paja."

Anaseka koyamba chichitikire zija, mlomo ukadali wotupa. Koma sindinganene kuti zonse zinatha bwino. Chala cholozera chinapola chouma, sichipindika mpaka kumapeto. Anayesa kubwerera ku ntchito ya zikhadabo pa saluni ina, koma mzere wake sunkawongoka ngati kale, ndipo anasiya. Pano amagwira ntchito ina, yochapa ndi kusita, ndipo ana ake akupitabe kusukulu. Amabwera kudzandiona. Sananenepo kuti anandikhululukira, ine sindinamufunsenso. Amangofika, n'kutsegula firiji ngati kwawo, ndipo ndimalandira zimenezo.

Achemwali anasiya kubwera kumpingo wathu. Ndinapita kunyumba kwawo kamodzi, akulu a mpingo atandilangiza, ndiponso mtima wanga utandilangiza iwo asanatero. Zimene anachita kwa wantchito wawo n'zawo ndi Mulungu, koma mizere inayi ija ndi yanga. Anatsegula chitseko pang'ono. Zipsera zinali zitada, kuchokera pansi pa diso mpaka kuchibwano. Ndinati ndabwera kudzapepesa chifukwa cha nkhope yawo. Anandiyang'ana, natseka. Ndimawatchulabe m'pemphero. Masiku ena ndimatchula ndi mtima wonse, masiku ena ndi pakamwa pokha.

Ndimaganiza kawirikawiri za wophunzira uja amene anasolola lupanga m'munda kuti ateteze Ambuye wake, nadula khutu la munthu, ndipo Ambuye anachita kutola khutulo n'kulibwezera. Kale ndinkamuweruza. Pano ndimadziwa kuti dzanja likanyamuka chifukwa cha chilungamo silifunsa poimira. Mkono wa achemwali uja ndinayenera kuugwira, ndipo ndikanaugwiranso lero. Koma ndikanalankhula nditangolowa pakhomo, dilowa ija isanatsekedwe, mwina palibe chikanathyoka. Ndipo ndikanalankhula poyamba penipeni, pamene ankandiveka masandasi, sipakanakhala chilichonse cholemba.

Sindinamatenso zikhadabo. Koma mapazi ndimapita nawo kamodzikamodzi, pa saluni ina kufupi ndi msika wa ku Romford, chifukwa ming'alu inabwerera. Ndisanakhale pampando ndimafunsa amene andigwire, motsitsa mawu, kuti kangachepe kamafika bwanji kwa iye pamalo pano, m'botolo, pakhadi kapena m'manja. Ena amadabwa, ena amayankha msanga ngati akhala akudikira funsolo. Akati m'manja, ndimadikira avule magolovesi, ndimapereka ndi manja awiri pamaso pa aliyense, ndipo ndimanena momveka kuti iyi ndi yanu, chifukwa cha ntchito yanu. Nkhope imanditentha nthawi zonse. Amayi anga akanaona akanati ndikudzionetsa. Ndimalola kuti manyaziwo akhale anga, asakhale a munthu amene wandiweramira.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu akudalitseni. Adalitse manja anu pamene akupereka, kuti mphatso yanu ifike kwa mwini wake popanda kumupweteka. Atsegule pakamwa panu msanga pamene mawu anu angapulumutse wina, ndipo agwire dzanja lanu pamene lakwana. Ndipo amene mumawerama pamapazi a anthu ena kuti ana anu adye, Ambuye amene anaweramanso ndi beseni asunge zala zanu zonse khumi. Amen.